Khutu la Bwana Lili M'kabati

4 Febuluwale

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira nonse muli bwino, inu ndi alamu, komanso mwana wanga amene munamupatsa dzina loti Bwana chifukwa cholamula anthu ndi chala. Ine ndili bwino, kungoti manja asuluka ndi sopo wa kuhotela kuno. Tsiku lonse ndimachapa nsalu za pabedi za anthu ena, bedi langa n'kumaliona mwa apo ndi apo.

Ndalemba kalata chifukwa ndikakuuzani pafoni mumangoti "eya, eya" kwinaku mukuponda makina osokera. Tsiku lomwe ndinabwera kudzamusiya mwana ndinali pa liwiro lothamangira basi, ndiye ndikubwereza zomwe adokotala a makutu ananena, kuti pasadzapezeke wina wonena kuti sanauzidwe.

Zomwe anaika pa opaleshoni zili mkati, pansi pa khungu, zimenezo musade nazo nkhawa. Chanu ndi kamakina kakunja kokoleka kukhutu kaja, kokhala ndi kachingwe ndi kabatani ka maginito komwe kamamatirira pamutu. Kabatanika kakamatirira, mwana akumva. Kakachoka, zii, wabwerera m'dziko lomwe wakhalamo zaka zinayi zonsezi.

Azivala kuyambira podzuka mpaka pogona, kupatula posamba. Ndipo muzimulankhula. Adokotala akuti poyamba amangomva phokoso lopanda mutu, ndipo ubongo umaphunzira mawu pokhapokha ukamamva anthu akulankhula tsiku lonse. Akuti nthawi yake ndi inoyi, akakula zimavuta.

Pa 20 Meyi tidzapita naye kukamupima. Adokotala akadzaona kuti zikuyenda, mwana apitiriza kukhala ndi inu, n'kudzayamba sukulu ya pafupi nanu. Akadzaona kuti sizikuyenda, akuti abwere kuno azidzagonera kusukulu ya ana ovutika kumva yomwe ili pafupi ndi chipatala, poti kuchipinda chathu cha antchito salola ana. Ine sindikufuna mwana wa zaka zinayi azigona pakati pa anthu osawadziwa. Inu amene mwamulera chibadwire ndikudziwa kuti simungafunenso.

M'kapaketi komwe ndapatsira adalaivala a basi muli mabatire a mwezi wathunthu. Sachedwa kutha, masiku awiri kapena atatu basi. Alamu muwauze kuti kamakinaka si wailesi, asakatsegule ngakhale manja atawayabwa chotani.

Mundilembere zonse, ngakhale zazing'ono.

Ine mng'ono wanu,
Make Bwana

17 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Kalata yako yafika pamodzi ndi mabatire. Kuno tili bwino. Alamu ako ali bwino mpaka kufika potopetsa. Bwana wanenepa, masaya tsopano akuoneka ngakhale atakufulatira.

Koma iwe, kulemba kwanji kumeneku, ngati ine mwanayu ndikumuona koyamba? Pamene iwe unkalira kuti sudziwa kumusambitsa, anamusambitsa ndani? Mtima pansi. Kamakina kaja tikukasamala kuposa mmene angakasamalire kuchipatala komweko. Ndagula loko watsopano wa kabati ya pabalaza, kiyi wake ndimamumangirira kutepi yoyezera yomwe siichoka m'khosi mwanga. Ukadzakaona udzati kangotuluka kumene m'bokosi, kalibe ndi kachipsera komwe.

Lamlungu kunabwera achibale a alamu ako. Bwana anavala kamakina kake pamodzi ndi diresi lachikasu lomwe ndamusokera, ndipo anthu anachita kuimirira kuti aone bwino. Mayi wina anafunsa ngati kamagwiranso nkhani za pawailesi. Alamu ako anayankha kwa mphindi makumi awiri, tiyi mpaka kuzizira.

Mwana wako ukumudziwa. Kukangocha ali pabwalo kulimbana ndi ana a nyumba zoyandikana nafe. Sabata ino yokha wataya nsapato ziwiri, zonse za kumanzere, ndipo dzulo anagwera m'beseni la zochapa la eni ake pampopi, mutu kutsogolo. Anatulukamo akuseka, n'kuloza mwini beseni ngati wolakwa ndi iyeyo. Ndiye uganize wekha chinthu chamtengo woposa nyumba yathu mmene chikufunikira munthu wamaso.

Za alamu ako wanena zoona. Akungozungulira kabatiyo, kachitsulo komasulira kali m'thumba la malaya, ati akungofuna kuona kapangidwe kake. Ndawauza kuti akakakhudza adzagona ndi mawailesi awo kushedi.

Za kulankhula usavutike nazo. Ine ndi Bwana tinayamba kumvana kalekale. Ndikakhala ndi mapini kukamwa, ndimangotukula nsidze, iye n'kubweretsa lumo. Ndikatukula kawiri, ulusi. Pali ana akumva bwinobwino mumsewu muno amene ungawaitane mpaka mawu kusasa, osabwera.

Uzidya, pachithunzi chija waonda.

Ndine mkulu wako

1 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu yanditsitsa mtima pansi. Za loko mwaganiza bwino, usiku kazigona motsekedwa, pouma, poti alamu ndimawadziwa. Diresi lachikasulo mudzamuveke ndikadzabwera.

Koma simunandiuze chomwe ndimafuna kumva. Anayamba kutembenukira phokoso lanji? Chitseko? Galu? Mukamuitana kumbuyo amatani? Ine kuno ndikamapinda nsalu ndimangoganiza zimenezo, mpaka akapitawo andifunsa ngati ndili m'chikondi.

Nawa mabatire ena, poti oyamba aja ayenera kuti atha. Kuchipatala aimba foni kuti ndipite naye pa 12 Epulo akakonzeko kamvekedwe, tisanafike pa tsiku lalikulu la mu Meyi. Ndidzabwera kudzamutenga m'mawa wa tsikulo. Ndipo imvani zodabwitsa: akuti kamakinaka kamawerenga kokha maola omwe kakhala koyaka tsiku lililonse. Adokotala amangokalumikiza kukompyuta, zonse n'kuonekera poyera. Ndawauza kuti kwathu sakapezako chochititsa manyazi, mwana ali m'manja mwa telala wosaphonya muyezo.

Make Bwana

22 Malichi

Mlamu wanga wolemekezeka,

Landirani moni kuchokera kwa mwamuna wa achemwali anu, amene panyumba pano udindo wake unatsala wosintha mababu okha.

Kalata yanu ya pa 1 yafika dzana. Inakhala masabata atatu pansi pa mpando wa adalaivala, ndipo yabwera ikununkha dizilo. Mayi akunyumba anali atapita kukayeza anthu ofuna kusoketsa zovala, ndiye ndinaitsegula ine, poopa kuti mwina muli zadzidzidzi. Nditafika pa nkhani ya maola ija, ndinakhala pansi.

Mlamu, ndikuuzani ngati mwana wa m'nyumba, koma musandigulitse. Khutu la Abwana limakhala m'kabati usana ndi usiku, pakati pa makapu a alendo ndi chithunzi cha ukwati wathu. Limatuluka makapuwo akatuluka. Chibwerereni mwanayu, mwa kuwerenga kwanga, wavala kanayi. Mabatire onse ali m'chitini cha mabatani, ndipo achemwali anu akunyadira kuti adzakubwezerani osatsegula.

Musawakalipire. Mkazi uyu chinthu akachikonda amachitsekera. Nsapato zomwe ndinamugulira tikutomerana zikadali m'pepala lake. Ine ndemwe ndinapulumuka chifukwa m'kabati sindikwanamo.

Tsopano poti loko uja ndinamukhoma ndine, kiyi wachiwiri ndili naye. Dzulo ndinatulutsa kamakinako mwakachetechete, bokosi lake n'kulisiya momwemo kuti pasaoneke kusintha. Ndinaitanira Abwana kushedi kwanga n'kuwaveka bwinobwino. Sipanathe mphindi. Anachotsa kabatani kaja ndi chala chimodzi, n'kukamata pachitseko cha filiji yakufa yomwe mwini wake anaisiya chaka chatha. Kanagwira nganganga. Atatero anandiyang'ana monga mmene bwana amayang'anira wantchito wobwera mochedwa, n'kutuluka.

Munthu wamba akanakhumudwa. Koma ine ndakhala ndi zamagetsi zaka makumi awiri, ndipo ndinaphunzira kuti chilichonse chowerenga chili ndi njira yake. Za maola zisiyireni ine. Pofika pa 12 Epulo banja lathu silichita manyazi pamaso pa kompyuta ya munthu aliyense.

Kalatayi mukawerenga muing'ambe. Mukayankha, musatchule kuti ndinalemba.

Mlamu wanu wokhulupirika,
Katswiri wa mawailesi, mafiliji ndi zina zotero

15 Epulo

Kwa achemwali ndi alamu, nonse awiri,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ndikufuna.

Lachisanu lija ndinabwera kudzatenga mwana, munandilandira ndi nkhope zowala, Bwana atavala kamakina ndi diresi lachikasu. Pobwerera ndinangomusiya pakhomo osalowa, munati ndikuthamangira basi. Basi inalipo ina. Ndinkaopa zomwe pakamwa panga pakanatulutsa.

Adokotala analumikiza kamakinako kukompyuta. Anayang'ana, n'kuvula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuyang'ananso.

"Mayi," anatero, "masabata atatu apitawa kamakina aka kakhala koyaka maola khumi ndi anayi tsiku lililonse."

Ine ndinawongola khosi, n'kuyang'ana namwino kuti amve bwino za kwathu.

"Koma pamutu pa mwana sikanafikepo. Kompyuta imasiyanitsa. Ndipo chomwe kakhala kakumva kwambiri ndi nyimbo. Kunyumbako kuli munthu wokonda wailesi?"

Ndinati alipo.

"Nanga amakamata pati?"

Ndinati sindikudziwa. Ndadziwa dzulo, alamu, kalata yanu itafika, nayonso ikununkha dizilo. Ayi, sindinaing'ambe. Achemwali, afunseni amuna anu za kiyi wachiwiri ndi filiji ya kushedi. Filiji imeneyo yamvera wailesi masabata atatu, mwina pofika pano ikuimba.

Namwino anatuluka panja kukaseka. Adokotala sanaseke. Anaimba ng'oma yaing'ono kumbuyo kwa mwana, iye n'kuchotsa kabatani kaja, n'kukamata pamwendo wa mpando. Anandiuza kuti miyezi iwiri yapita pachabe, ndipo miyezi ya msinkhu uwu sibwerera. Ndinachita manyazi, koma manyazi si kanthu. Ndinachita mantha.

Achemwali, ndinakupatsani mwana kuti amve, inu mwasunga khutu lake pamodzi ndi makapu. Kodi alendo ndiwo akufunika kuona kamakina, kapena mwana ndiye akufunika kumva?

Ndalembetsa malo kusukulu yogonera ija. Pa 20 Meyi mubwere naye kuchipatala pamodzi ndi chikwama cha zovala zake. Alamu atsale, asayandikire chipatala ngakhale pageti.

Make Bwana

24 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga katatu, kachitatu ndili chiimire.

Alamu ako ndathana nawo. Kiyi ndalanda, ndipo wailesi yawo ndaitsekera m'kabati pamalo pomwe panali kamakina. Aziimvera kukabwera alendo.

Koma wolakwa wamkulu ndine, ndipo pali zomwe sindinakuuze. Tsiku lomwe unamusiya mu Febuluwale, masana ake ndinamuveka monga unanenera. Kenako ndinakhala pamakina kuti ndimalize mpendero wa siketi ya munthu. Nditangoponda, mwana anakuwa kukuwa komwe sindinakumvepo. Anathawira kunsi kwa tebulo lodulirapo nsalu, manja kumutu. Mwana yemwe chibadwire amagona pamapazi anga makina akulira, tsaya atalitsamiritsa kuchitsulo kuti azimva kunjenjemera kwake. Nditamutulutsa anandiyang'ana ngati ndamumenya.

Ndinakachotsa, n'kukatsekera. Ndinkadziuza kuti ndikuopa fumbi ndi madzi a pampopi, ndipo iwenso ndinakuuza zomwezo. Zoona zake, ndinkaopa maso aja.

Chinanso, ndinene basi poti zavuta kale. Panyumba pano, mumsewu muno, aliyense akafuna kudziwa chomwe Bwana akunena amafunsa ine. Ngakhale iwe mayi ake umafunsa ine. Ndilibe mwana wobereka ndekha, koma ndinali ndi munthu mmodzi padziko yemwe amandimva ndi nsidze zokha. Ndinaona ngati akayamba kumva aliyense, ine ndidzangokhala telala. Ndi maganizo onyansa, ndikudziwa, koma ndiwo anagula loko uja.

Chikwama ndibwera nacho monga wanenera, mwana ndi wako. Koma mpaka pa 20 patsala masabata anayi osakwana pang'ono, ndipo masiku amenewo akadali anga. Ndinasokapo madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi m'masiku atatu, magetsi atazima. Usandiyankhe ngati sukufuna.

Mkulu wako

11 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni, ngakhale wangoti zii. Adalaivala ndawafufuza mpaka pansi pa mpando, akuti ulendo uno wolakwa si iwo.

Ndinaimbira foni mayi wina wophunzitsa ana kulankhula wa kuchipatala kuja. Ndinadzitchula kuti ndine wa kabati, anandizindikira nthawi yomweyo. Anandiuza kuti ndiyambe ndi malo achete, ndipo phokoso lomwe mwana akuliopa alipange yekha. Ndiye ndinamukhazika Bwana pamakina n'kumuonetsa popondera. Anaponda, n'kudumpha. Anapondanso. Ataona kuti chilombocho chimalira iye akalamula, n'kukhala chete iye akalamula, nkhani inatha. Pano vuto ndi kumuchotsapo.

Ndamusokera kansalu ka kumutu kokhala ndi kathumba ka kamakina, ndi kachingwe komangirira kukolala kuti kakagwa kasafike pansi. Beseni la pampopi ndalilankhulira kwa eni ake, pano amachapira kuseri.

Koma mwana wakoyu ndi mbala ya nzeru. Wazindikira kuti ali ndi chinthu chomwe ana ena alibe, chozimitsira akuluakulu. Ndikangoyamba kuti "tiye ukasambe", chala chimodzi kumutu, kabatani kali lende, maso watseka. Munthu wotseka makutu ndi maso omwe ungalankhule naye bwanji? Sabata yoyamba ndinkamubwezera kabataniko mwina kokwana makumi atatu patsiku. Ndakapezapo katamatirira palumo, pageti, ndi palamba wa bambo wina yemwe anabwera kudzachepetsa thalauza.

Chomwe chinatipulumutsa ndi mayi wogulitsa mazira, wathupi uja. Anabwera kudzayezetsa diresi, akundifotokozera za mwamuna wa mnzake yemwe anabisala m'thanki yamadzi pothawa apongozi. Tepi yanga inakana kukumana m'chiuno mwake, iye n'kuphulika kuseka, kuseka kwake kogwedeza mawindo kuja. Bwana anali pansi akusewera ndi mabatani. Anasiya. Anapita n'kuika dzanja pamimba pa mayiyo, maso ali kukamwa. Kenako anachotsa kabatani kumutu, n'kubwezera, n'kuchotsanso, n'kubwezeranso. Mng'ono wanga, zaka zinayi zonsezi mwanayu ankaona anthu akugwedezeka mapewa, mano pamtunda, osadziwa kuti zimenezo zili ndi mawu. Ine ndinatembenukira kukhoma ngati ndikufuna choko.

Chiyambire tsikulo, pakakhala anthu sachotsa, akudikira kuti wina aseke. Ndiye ndaika lamulo: wobwera ndi nkhani, chovala chake chisokedwa koyamba. Koma alankhule mmodzimmodzi, mosathamanga, atayang'ana mwana, ndipo zolaula azisiye pageti. Pano chipinda chosokera chimadzadza kuyambira m'mawa. Ena akubwera ndi malaya abwinobwino, batani atalidula okha panjira. Ndikudziwa za nyumba iliyonse mumsewu muno, zina ndikanakonda osazidziwa.

Anthu akapita ndimalankhula ndine. Mapini ndasiya kuika kukamwa. Ndimatchula chilichonse: lumo, ulusi, batani, kapu, nsapato ya kumanzere yosowa. Nsidze ndazipumitsa, ngakhale zimadzuka zokha. Madzulo pakamwa pamakhala pouma gwa.

Sindikunamiza kuti wayamba kulankhula. Sanayambe. Koma Lachitatu wina anagogoda pachitseko, iye n'kudzutsa mutu ine ndisanadzutse.

Chikwama ndachapa. Sindinalongedzemo kanthu.

Mkulu wako

Mlamu, ndine, ndapemphako kampata pansi pano. Dziwani kuti ine, katswiri wa zaka makumi awiri, ntchito yanga pano ndi kugwa pampando kawiri patsiku kuti amayi aseke, Abwana amve. Chiuno chatha. Mukaonana ndi adokotala muwauze kuti pa maola a ulendo uno, ena ndi a msana wanga.

23 Meyi

Achemwali anga,

Moni kwa inu, kwa Bwana, ndi kwa alamu pamodzi ndi chiuno chawo.

Makalata anu awiri ndinalandira pa nthawi yake. Adalaivala musawavutitse, wosayankha ndinali ine. Ndinkawerenga, n'kuseka, n'kudzikwiyira kuti ndasekeranji.

Lolemba lija kudepoti ndinangokuuzani kuti "bwererani naye", n'kukwera basi yanga. Munaima pamenepo ndi chikwama m'manja, kukamwa kuli yasa. Sindikanatha kufotokoza pagulu. Inu munali panja pabenchi nthawi yopima, ndiye simukudziwa zomwe zinachitika m'chipindamo.

Adokotala analumikiza kamakina. Maola khumi patsiku, pamutu penipeni pa munthu. Anati chomwe kamva kwambiri ndi anthu olankhula, n'kufunsa ngati kwathu kuli msika. Ndinati kuli telala.

Kenako anamukhazika Bwana pampando, namwino akumuseweretsa kutsogolo. Anaimba ng'oma kumbuyo, anatembenuka. Anagogoda patebulo, anatembenuka. Adokotala anati, "Tsopano mawu a munthu. Mayi, imani kumbuyoko mumuitane monga mumamuitanira kunyumba."

Ndinaima. Ndinati, "Bwana!" Anangogwedeza phewa ngati patera ntchentche. Ndinaitananso, mokweza. Anapitiriza kusewera. Nditaitana kachitatu, ndinaona adokotala akutenga cholembera. Mumtima ndinati basi, chikwama chija chagwira ntchito.

Nthawi yomweyo, kuseri kwa chitseko chotseka, inu munaseka. Pambuyo pake namwino wina yemwe anali panjapo anandiuza kuti munkaseka thalauza la bambo wina wodutsa, lomwe mwendo umodzi unali waufupi. Sikunali kuseka kokweza. Koma mwana anaponya chidole pansi, anatembenuka thupi lonse, n'kutsika pampando. Anafika pachitseko, n'kuloza chogwirira, n'kuyang'ana adokotala kuti atsegule msanga. Adokotala, munthu wamkulu ndi magalasi ake, anadzuka n'kutsegula. Inu munangoona mwana akutulukira, n'kuyamba kumukalipira kuti wathawa mayeso.

Adokotala anati, "Mwana uyu wasankha mawu amodzi pakati pa phokoso lonse la panjapo, ndipo akudziwa mwini wake. Komwe akukhala asachokeko. Mudzabwerenso pakatha miyezi itatu."

Malo a kusukulu yogonera ndakafafanizitsa dzulo. Bwana ndi wanu monga kale, ndipo zomwe ndinalemba mu Epulo zina ndikuzibweza, kupatula za filiji.

Koma achemwali, ndinalira njira yonse m'basi, mpaka mayi woyandikana nane anandifunsa kuti wamwalira ndani. Ndinkati ndikulira chifukwa chosangalala, ndipo theka linali loona. Theka linalo ndi ili: ndinaitana mwana wanga katatu, anandimva bwinobwino, koma sanadziwe kuti ndine ndani. Munkaopa kuti mudzangokhala telala. Amene wangokhala phokoso la kumbuyo ndine.

Sindikukuimbani mlandu. Mawu amawadziwa ndi omwe amawamva, ndipo ine miyezi yonseyi ndakhala ndikulankhula ndi mapepala. Ndapempha akapitawo kuti ndizigwira ntchito Lamlungu m'malo mwa Loweruka, avomera. Kuyambira sabata ino ndizibwera Loweruka lililonse ndi basi yoyamba.

Musandiphikire zapadera, musaitane anthu. Mungondiikira mpando pafupi ndi pomwe amasewerera. Ndikubwera kudzalankhula, kuyambira m'mawa mpaka basi yomaliza, kufikira tsiku lomwe ndidzaitane kumbuyo kwake, mwana wanga n'kutembenuka.

Ine mng'ono wanu,
Make Bwana